Tinyumba ta konkire ta pa desiki: mabowo, ming'alu, fumbi ndi mmene mungathanirane nazo

Amene ayamba kuumba tinyumba ta konkire toika pa desiki amakhala ndi madandaulo ofanana. Kanyumba koyamba kamatuluka m'chikombole kali mabowo okhaokha. Kachiwiri kamasiya nsanamira m'chikombole momwemo. Kachitatu kamatuluka kosalala, munthu n'kukakulunga bwino kukapatsa mnzake wa ku ofesi, koma pakatha milungu iwiri uthenga umabwera wakuti kanyumba kaja katuwa ndipo kakusiya fumbi pa mapepala. Apa ambiri amathamangira kusintha simenti kapena kugula chikombole china, vuto lili pomwepo.

Tinyumba tikunena pano ndi tizifaniziro ta nyumba zotchuka za mamangidwe amakono a m'zaka za m'ma 1900 otchedwa modernism, makamaka zija zinamangidwa ndi konkire wosapaka pulasitala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha: Unité d'Habitation ya Le Corbusier ku Marseille, yomwe inatha mu 1952, Trellick Tower ya Ernő Goldfinger ku London ya mu 1972, Habitat 67 ya Moshe Safdie ku Montreal, Ponte City ya ku Johannesburg ya mu 1975. Nyumbazi zimakopa maso chifukwa cha ngodya zakuthwa, makonde olendewera m'malere, mawindo ondondozana ndi nsanamira zowonda. Zomwezo ndi zimene zimavuta kuumba.

Gwero la mavutowa ndi lakuti mukachepetsa nyumba, mchenga suchepa nawo, thovu la mpweya silichepa, ndipo simenti safulumira kukhwima chifukwa choti kanthuko ndi kakang'ono. Trellick Tower ndi yotalika mamita 98. Pa mulingo wa 1:500, kutanthauza kuichepetsa ka 500, imakhala yosakwana masentimita 20. Khoma la masentimita 20 limasanduka mamilimita 0.4, kuwonda kuposa njere zambiri za mchenga wa kumtsinje. Kabowo ka mamilimita 2, komwe pa chipilala cha mlatho palibe angakaone, apa kakuimira chiphanga cha mita yathunthu pakhoma. Choncho zizolowezi za pa saiti, zoyeza ndi fosholo ndi kuthira madzi ndi ndowa mpaka matope ayambe kuyenda, pano n'zosathandiza.

Musanayang'ane kwina, yang'anani madzi

Mavuto ambiri mwa amene ali m'munsimu amabwerera ku chinthu chimodzi: madzi ochuluka posakaniza, kenako madzi ochepa kanyumba katatuluka m'chikombole.

Simenti salimba chifukwa choti madzi aphwa. Amalimba chifukwa akumwa madziwo, tinjere take n'kumamera timiyala tosaoneka ndi maso tomwe timalukana ndi kugwira mchenga. Ntchito imeneyi ndi yapang'onopang'ono. N'chifukwa chake mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pa tsiku la 28, ndipo pa tsiku la 7 amakhala atangofika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvuyo. Madzi amene simenti sangawamwe amangokhala m'kati kudikira kuti atuluke, ndipo akatuluka amasiya tinjira topanda kanthu. Tinjira timeneto ndi tomwe timafooketsa kanyumba, kukachititsa ming'alu ndi kutulutsira kunja ufa woyera uja.

Gulani sikelo ya kukhitchini, musamayeze ndi maso kapena ndi kapu. Poyambira pabwino ndi apa: magalamu 500 a simenti, magalamu 500 a mchenga wosefa ndi wouma, madzi mamililita 200 mpaka 225. Ngati kanyumbako ndi kachibuma kopanda tizinthu tambiri towonda, mchenga mutha kuufikitsa pa magalamu 1,000. Mchenga uyambe wauma padzuwa, chifukwa wonyowa umabweretsa madzi ake omwe simunawawerengere. Sakanizani simenti ndi mchenga zili zouma mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako thirani madzi pang'onopang'ono. Matopewo akhale ngati phala lolimba la mgaiwa, loti mukapendeketsa kapu liyende mwaulesi.

Munthu akaona matope otere amaopa kuti salowa m'timawindo, dzanja n'kupita ku botolo la madzi. Musatero. Chofewetsa matope popanda kuwonjezera madzi ndi mankhwala otchedwa plasticiser, omwe amapezeka m'mahadiweya akuluakulu, ndipo pa simenti wochepa chonchi ndi madontho owerengeka malinga ndi zimene zalembedwa pa botolo. Amisiri ena amathira sopo wotsukira mbale m'matope omangira njerwa. Amafewetsadi, koma amatero pobereka thovu, ndipo thovu ndi mdani wanu wamkulu pa ntchito ino.

Mukatsanulira, phimbani chikombole ndi pepala la pulasitiki nthawi yomweyo ndipo chiikeni pamthunzi, popanda mphepo. Kanyumba kakatuluka, kakulungeni m'kansalu konyowa, kaikeni m'jumbo, mangani kukamwa, kakhale momwemo masiku 7. Kukaika padzuwa kuti "kaume msanga" ndi njira yachidule yokaphera.

Valaninso magolovesi. Simenti wonyowa amawotcha khungu mwakachetechete, ululu umadzamveka madzulo. Posefa ndi popala zouma valani masiki, fumbi la simenti ndi la mchenga si labwino m'mapapo.

Kanyumba katuluka ndi timabowo

Ili ndiye dandaulo lofala kuposa onse, ndipo mabowo ake sabwera ndi chifukwa chimodzi. Yang'anani kaye kukula kwake ndi pamene ali.

Ngati ndi timabowo tating'ono tomwazikana paliponse, mpweya unalowa posakaniza kapena mafuta a m'chikombole anachuluka. Kutakasa mwaliwiro kumakokera mpweya m'matope. Takasani modekha, kenako gogodani kapu pa tebulo kangapo musanatsanulire. Za mafuta, chikombole cha silikoni, chofewa ngati mphira, nthawi zambiri sichifuna kupaka kalikonse. Cha pulasitiki kapena cha matabwa chimafuna, koma pang'ono kwambiri: pakani Vaseline, kenako pukutani ndi kansalu mpaka muyambe kukayika ngati watsalamo. Mafuta akachuluka amaunjikana m'timadontho, ndipo dontho lililonse limasiya kabowo kake. Mafuta ophikira ndi a galimoto otha ntchito, omwe anthu amapaka m'zikombole za mabuloko, amadetsa khungu la kanyumba. Pewaninso chikombole cha aluminiyamu kapena kuyala foyilo m'kati. Simenti wonyowa amadya aluminiyamu, pamenepo n'kumatuluka mpweya wa haidrojeni, ndipo khungu lonse limatuluka lodyekadyeka.

Ngati ndi mabowo okulirapo ndipo akupezeka malo omwewo nthawi zonse, monga pa milomo ya makonde, m'ngodya za mawindo kapena kunsi kwa mabokosi olendewera a Habitat 67, ndiye kuti mpweya ukutsekeredwa ndi maonekedwe a chikombole. Kanyumba kamaumbidwa chadodolido, denga pansi, maziko kumwamba. Thovu limakwera molunjika, ndipo likakumana ndi kadenga kopingasa ka silikoni limaima pomwepo. Apa kugogoda kokha sikukwanira. Tengani burashi yaing'ono yofewa, muyambe mwapaka matope pang'ono m'kati monse mwa chikombole, kukankhira m'ngodya iliyonse, musanatsanulire otsalawo. Malo amene burashi siyikufika gwiritsani kamtengo kotokosera m'mano kapena sirinji yopanda singano. Kenako tsanulirani kangapo, osati kamodzi: gawo loyamba, pendeketsani chikombole mbali zonse zinayi uku mukugogoda, gawo lachiwiri chimodzimodzi, mpaka chidzaze. Matope azilowera pa ngodya imodzi mowonda, kuti azikankha mpweya kutsogolo m'malo mouphimba.

Chonjenjemeretsa chimathandiza kwambiri, ndipo sichifuna ndalama zambiri. Mashini ometera tsitsi mukawagunditsa m'mbali mwa chikombole amagwira ntchito, chimodzimodzi mashini opalira matabwa mutachotsa sandipepa. Mphindi imodzi kapena ziwiri pa gawo lililonse ndi zokwanira. Mudzaona thovu likutumphuka pamwamba, ndipo likasiya inunso siyani. Mukapitiriza, makamaka matope ali amadzimadzi, mchenga umamira, madzi n'kuyandama, ndiye kanyumba kamatuluka ndi denga lolimba koma maziko ofewa.

Ngati pali malo amene mchenga ukuonekera wopanda simenti, kapena mizere yonga ya madzi oyenda, chikombole chikudontha pamsoko. Madzi a simenti athawa, mchenga watsala wokha. Mangani msokowo ndi mphira ndipo matani kunja kwake ndi dongo kapena tepi.

Mabowo amene atuluka kale amatsekeka. Sakanizani simenti yemweyo ndi madzi pang'ono, pakani ndi chala chovala golovesi mozungulira, dikirani pang'ono, pukutani ndi siponji yonyowa. Chitani izi tsiku lomwe kanyumba katuluka, kakadali konyowa, kuti mtundu usasiyane. Koma ine sindiona chifukwa chotsekera kabowo kalikonse. Le Corbusier sanabise zipsera za matabwa ndi zolakwika za amisiri pa konkire wa ku Marseille, anazisiya poyera. Timabowo tiwiri titatu pa khoma lopanda mawindo timaonetsa kuti kanthuko ndi ka konkire weniweni. Totseka ndi tomwe tadya ngodya kapena tawononga mzere wa mawindo.

Kakuyoyoka, kakusiya fumbi m'manja

Pakatha masiku 7, kandani kunsi kwa kanyumba ndi msomali wachitsulo. Msomali ukangosiya kamzere kotuwa, zili bwino. Ukakumba kangalande n'kutulutsa ufa, kanyumbako ndi kofooka, ndipo palibe mankhwala opaka kunja amene angakalimbitse m'kati. Ngati madzi munayeza bwino ndipo munakasunga konyowa, otsala oganiziridwa ndi awa.

Woyamba ndi simenti wokalamba. Ntchito ino imadya simenti wochepa, ndiye ambiri amagula woyeza pa kilo kumsika, wochokera m'thumba lomwe lakhala lotsegula kwa nthawi yosadziwika. Simenti amakoka chinyezi cha mumpweya ndipo amayamba kutha mphamvu ali m'thumba momwemo. Ngakhale thumba losatsegula silifunika kupitirira miyezi itatu. Finyani timibulu tomwe muli m'simentimo. Tikaphwanyika mosavuta ndi zala, sefani mugwiritse ntchito. Tikakhala tolimba, simentiyo musiyireni ntchito zina. Mukagula watsopano, musungeni m'ndowa yotseka bwino, osati pansi pa simenti kapena moyandikana ndi khoma. Onaninso nambala ya pa thumba. Wa 42.5 ndi wabwino pa tinthu towonda kuposa wa 32.5, ndipo chilembo R chimatanthauza kuti amalimba msanga m'masiku oyamba, zomwe zimathandiza pochotsa m'chikombole. Wa 22.5 ndi womangira njerwa ndi kupaka pulasitala, musamugwiritse ntchito pano.

Wachiwiri ndi mchenga wa dothi. Mchenga wa kudambo umakhala ndi dongo lomwe limakuta njere, simenti n'kulephera kugwira. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, siyani usiku wonse. Mukaona mzere wa matope pamwamba pa mchengawo, utsukeni: m'ndowa, kuthira madzi, kuvundula, kutaya madzi akuda, mpaka madzi ayere. Ukauma usefeni ndi sefa ya ufa. Njere yaikulu isapose gawo limodzi mwa magawo atatu a malo owonda kwambiri pa kanyumba kanu. Ena pothawa vutoli amangosiya mchenga, kuumba ndi simenti yekha. Kanyumba kamatulukadi kosalala, koma za ming'alu yake tikamba posachedwa.

Wachitatu anthu sakhulupirira msanga, ndi shuga. Shuga wochepa kwambiri, kotala ya galamu pa magalamu 500 a simenti, amachedwetsa kulimba ndi maola ambiri, ndipo akachulukirapo simenti amatha kukhala masiku osagwira. Kapu yomwe munamwera tiyi kapena thobwa, yosatsukidwa bwino, ndi yokwanira kuwononga ntchito. Khalani ndi makapu ndi supuni za simenti zokhazokha. Matabwa aawisi nawo ali ndi shuga wawo, komanso amamwa madzi a m'matope, n'chifukwa chake chikombole cha matabwa chosapaka vanishi chimatulutsa kanyumba kolimba m'kati koma ka khungu lafumbi.

Ming'alu

Funso loyamba ndi lakuti mng'aluwo waoneka liti.

Ukaoneka m'maola oyamba, pamwamba pa chikombole pomwe pali poyera, ndiye kuti pamwambapo pauma m'kati mukadali mofewa. Izi zimachuluka mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, komanso masiku a mphepo ngakhale kunja kuli kozizira. Mankhwala ake ndi pulasitiki uja wophimba msanga, ndi kuumba m'mamawa kapena madzulo m'chipinda chotseka mawindo.

Timing'alu tating'ono tolukanalukana pakhungu, tooneka bwino kanyumba kakanyowa, timabwera ndi simenti wochuluka kapena madzi ochuluka. Simenti akamauma amakhwinyata, mchenga sukhwinyata, ndiye mchenga ndi umene umamugwira kuti asadzikoke kwambiri. Kanyumba ka simenti yekha kalibe chokagwira. Timing'alu totere sitithyola kanyumba, koma timasunga litsiro ndipo timada ndi nthawi.

Mng'alu woyambira pa ngodya ya windo kapena pamene khoma lowonda lakumana ndi chigawo chonenepa ndi wa mamangidwe. Mbali yowonda imauma ndi kukhwinyata msanga, yonenepa ikadali yonyowa, ndiye zimakokana mpaka pena pang'ambike, ndipo pamang'ambika pa ngodya yakuthwa ya m'kati. Pa chifaniziro chomwe mumapangira chikombole, ngodya za m'kati muzizungulize pang'ono, pang'ono poti diso silingaone. Ulusi wa polypropylene kapena wa galasi wopangidwira konkire, wochepa chabe m'matope, umathandiza kugwira ming'alu yotere isanakule. Ukachuluka umatulukira kunja ngati ubweya, ndipo umatseka timawindo.

Ponte City ili ndi vuto lakelake. Nyumbayi ndi yozungulira, yotalika mamita 173, ndipo pakati pake ndi pobowoka kuchokera pansi mpaka kumwamba. Pa mulingo wa 1:1000 imatuluka masentimita 17, saizi yabwino yoikamo zolembera, ndiye ambiri amaikonda. Kuti apange bowo la pakatilo amaika paipi ya pulasitiki, botolo kapena mtengo m'kati mwa chikombole. Simenti akayamba kukhwinyata amafinya chinthu cholimbacho, chinthucho osagonja, ndiye khoma limang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mtengo ndiye woipitsitsa, chifukwa umamwa madzi n'kufufuma. Kulungani paipiyo ndi kasiponji kowonda, kenako tepi pamwamba, kuti simenti akamafinya apeze pofewa. Muichotse tsiku lomwelo mukuchotsa chikombole, musaisiye mpaka kanyumba kaume.

Mng'alu wobwera patatha miyezi, wokhala ndi banga lofiirira, ndi dzimbiri. Winawake anaika waya wamba kapena msomali m'kati kuti alimbitse. M'nyumba yeniyeni chitsulo chimakutidwa ndi konkire wa masentimita angapo. M'kanyumba kanu chakutidwa ndi mamilimita awiri, chinyezi chimafika mosavuta, ndipo dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe ladya, ndiye limakankha konkire mpaka aphulike. Ngati mukufuna cholimbitsa, gwiritsani waya wosachita dzimbiri, waya wa brass, kapena kachidutswa ka gozi wa pawindo wosakhala wachitsulo.

Nsanamira ndi makonde zikuthyoka pochotsa

Konkire amapirira kupsinjidwa, koma akakokedwa kapena kupindidwa mphamvu yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pochotsa m'chikombole mumakoka ndi kupinda, ndiye chilichonse chowonda chili pangozi. Vutoli ndi la nyumba zenizeni zomwe. Makonde otchuka a Fallingwater ya Frank Lloyd Wright ku Pennsylvania anayamba kuwerama kuyambira pomwe anamangidwa m'zaka za m'ma 1930, mpaka anachita kuwalimbitsa ndi zingwe zachitsulo mu 2002.

Choyamba ndi nthawi. Dikirani maola 48, ndipo mu Juni ndi Julayi, makamaka kumalo ozizira ngati Dedza kapena Mzuzu, onjezerani tsiku lina. Kuzizira kumachedwetsa simenti. Pamwamba pakhoza kuoneka polimba pamene timakonde ta m'kati tikadali tanthete.

Chachiwiri ndi kachotsedwe. Musakoke kanyumba kuti katuluke. Gwirani kanyumba kakhale phee, muzisenda chikombole pang'onopang'ono mbali zonse, kulola mpweya kulowa pakati. Timadontho ta madzi a sopo pamenepo, kunja kwa konkire wolimba kale, sitiwononga kanthu. Silikoni wa tinthu ta ngodya zambiri akhale wofewa, wa pakati pa 15 ndi 25 pa muyeso wa kulimba kwake wotchedwa Shore A. Ngati chikombole ndi cholimba, cha pulasitiki kapena matabwa, makoma ake apendekere kunja madigiri awiri kapena chikhale chomasula ndi masikuluwu.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene ambiri safuna kumva, ndi kuvomereza kuti kanyumba sikangatsatire mulingo pena paliponse. Chilichonse choima pachokha chisachepere mamilimita 5 kapena 6. Mawindo asakhale mabowo odutsa, akhale olowa m'kati milimita imodzi kapena iwiri, mthunzi udzachita zotsalazo. Villa Savoye ya ku Poissy, yomwe inatha mu 1931, yakhala pa nsanamira zowonda zomwe pa desiki zimasanduka tizitsotso ta milimita imodzi. Konkire sangathe zimenezo. Umbani thupi la nyumba palokha, maziko paokha, ndipo nsanamira zikhale timitengo ta brass topaka penti yoyera, tolowetsa m'mabowo. Ndipotu Villa Savoye ndi yoyera, ndiye simenti woyera amaiyenera kuposa wotuwa. Trellick Tower ili ndi nsanja yowonda ya zikepe pambali, yolumikizidwa ndi timilatho pa nsanjika yachitatu iliyonse. Timilathoto ndi tomwe timathyoka. Umbani nsanja ziwirizo padera n'kuzilumikiza ndi guluu, kapena siyani kakhoma kowonda kolowa m'kati kuseri kwa timilathoto. Tchalitchi chachikulu cha ku Brasília cha Oscar Niemeyer, cha nsanamira 16 zokhota, musayambire pamenepo ngati ndinu watsopano.

Pali nyumba zina zomwe sizingatuluke m'chikombole cha chigawo chimodzi mukaziumba chadodolido, ngakhale mutadikira sabata. Likulu la Reserve Bank of Malawi ku City Centre mu Lilongwe limakula likamakwera, nsanjika ya pamwamba kutulukira kunja kuposa ya pansi pake. Mukaliumba chadodolido monga mwa masiku onse, mbali yaikulu imakhala pansi pa chikombole, khomo lotulukira lili laling'ono. Apa mwina mutembenuze, denga likhale kukamwa kwa chikombole n'kudzalisalaza pambuyo, kapena mupange chikombole cha zigawo ziwiri. Mukasankha kutembenuza, kumbukirani kuti msoko wa zigawo ziwiri simudzakhala nawo, koma denga lidzafuna sandipepa yambiri.

Ngati silikoni amene mwathira popanga chikombole wakana kulimba ndipo akunanda pamene wakhudza chifaniziro, mwina ndi wa mtundu wa platinum. Ameneyu sagwirizana ndi magolovesi a latex, dongo loumbira lokhala ndi sulfure, ndi zinthu zina zosindikizidwa ndi resin pa mashini a 3D. Pakani chifanizirocho vanishi wa acrylic, aume bwino, ndipo yesani kaye pa kangodya kamodzi.

Katuwa ndi ufa woyera, kapena kali mawangamawanga

Ufa woyera wotuluka patatha masiku si nkhungu. Ndi womwe uja umaoneka pa makoma a njerwa atsopano nyengo ya mvula. Simenti akamakhwima amatulutsa laimu. Madzi akamatuluka amanyamula laimuyo kufika naye kunja, iye n'kukumana ndi mpweya, n'kusanduka choko. Matope a madzi ambiri amakhala ndi tinjira tambiri, ndiye ufa umachulukanso. Madzi a mchere amawonjezera vutoli, ndipo mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi otere. Madzi amene simungamwe musasakanizire simenti wa ntchito ino.

Yambani ndi burashi youma. Ukakanika, nyowetsani kanyumba ndi madzi, kenako pukutani ndi viniga wosungunula, gawo limodzi la viniga pa magawo asanu kapena kuposerapo a madzi, n'kutsukuluza msanga. Viniga amadya simenti yemwe, ndiye mukachedwa ngodya zimabuntha ndipo mchenga umayamba kuonekera.

Mawanga akuda ndi oyera amabwera pamene pulasitiki wakhudza khungu pena n'kusiya pena, n'chifukwa chake kansalu kazikhala pakati. Amabweranso ndi mafuta osapukuta bwino, kapena oxide wosasakanizika. Oxide, yemwe uja amathira pansi m'nyumba, musakanize ndi simenti zili zouma, ndipo asapose magawo 10 pa 100 a kulemera kwa simenti. Nthawi zambiri theka la pamenepo ndi lokwanira. Musaweruze mtundu kanyumba kakadali konyowa, kamayera kakamauma.

Kupaka msanga mankhwala otsekera khungu la konkire, otchedwa sealer, ndi kulakwitsa kwina kofala. Chinyezi chimatsekeredwa m'kati, kunsi kwa mankhwalawo n'kuchita chifunga choyera chosachoka. Pambuyo pa masiku 7 a m'jumbo, kanyumba kaume pamthunzi milungu iwiri kapena itatu. Poyesa, kaikeni m'jumbo youma usiku umodzi. Mukapeza mame m'kati mwa jumboyo, sikanaume. Kakauma pakani sealer wa konkire wosawala kapena phula la njuchi pang'ono, n'kupukuta ndi nsalu. Vanishi wonyezimira amachotsa chimene munthu anakondera kanthuko.

Pa desiki ndi paulendo

Kanyumba kogwedera kamakonzeka mosavuta. Yalani sandipepa ya madzi pa galasi, nyowetsani, tsukutizani maziko mozungulira, kuyambira nambala 120 kenako 220. Mukatero matani kansalu kofewa kapena kachikopa kunsi. Konkire wosaphimba amakanda galasi ndi vanishi wa tebulo, ndipo ngati sanaumitsitse amasiya banga pa thabwa. Tinyumba tolemera kumwamba, monga ka Reserve Bank kaja kapena ka Findeco House ya pa Cairo Road ku Lusaka, timagwa munthu akangogunda desiki. Tipatseni maziko otambalala, olumikizidwa ndi kachitsulo kosachita dzimbiri.

Kulemera n'kofunika kukuganizira musanaumbe. Kachibuma ka masentimita 10 mbali zonse kamaposa makilogalamu awiri. Ngati mphatsoyo ikupita ku Britain m'chikwama cha makilogalamu 23, kapena ku Johannesburg pa basi, ikani kachidutswa ka styrofoam pakati potsanulira, kotalikira mamilimita 10 kuchokera ku makoma, ndipo mukapanikize chifukwa kamayandama. Popakira, tsekani kaye mipata ya pakati pa nsanamira ndi makonde ndi thonje kapena tishu, kenako kulungani, ikani m'katoni yaing'ono yothina, katoniyo m'kati mwa ina. Mukaigwedeza pasamveke kanthu kakusuntha. Ndipo werengerani masiku: awiri m'chikombole, 7 m'jumbo, milungu iwiri kapena itatu youma, ena awiri a sealer. Mphatso ya Khirisimasi iumbidwe mu Novembala.

Kakathyoka, simenti watsopano sagwira bwino pa wakale pa malo aang'ono chonchi. Gwiritsani guluu wa epoxy wa machubu awiri, wochepa, pa zidutswa zouma ndi zopanda fumbi, ndipo wotulukira kunja mumuwaze fumbi lopala kunsi kwa kanyumba komweko asanaume, msoko udzabisika. Chidutswa chachikulu, monga nsanja ya Trellick, chibowoleni mbali zonse ziwiri ndi kabowola kakang'ono muikemo kawaya ka brass. Ngati malo omwewo athyoka pa tinyumba tiwiri totsatizana, siyani kumata. Bwererani ku chifaniziro choyambira, nenepetsani malowo ndi milimita imodzi kapena iwiri, mupange chikombole chatsopano.